Mpando wa Woweruza kwa Nsamala

Pabwalo lililonse la milandu pamakhala mpando umodzi umene munthu sakhalapo mwachisawawa. Wodandaula ndi woyankha mlandu amakhala pansi, mboni zimadikira pambali, ana amapirikitsidwa, koma mpando uja umayembekeza mwini wake. Nkhani ya lero ikunena za mpando umenewu m'dera la Mfumu Nsamala, m'boma la Balaka, ndi za njira zimene mwana wobadwira komweko wakhala akudzera kuti akaukhale. Omvera a ku Nsanje, a ku Dowa kapena a ku Karonga asayese kuti nkhaniyi ndi ya eni Balaka okha, pakuti malamulo amene anatembenuza mabwalo a kwa Nsamala ndi omwewo amene anatembenuza mabwalo a kwawo.

Dera la Nsamala lili kuzambwe kwa mtsinje wa Shire, m'chigwa chotentha cha malambe ndi thonje, mmene mumadutsa mtsinje wa Rivirivi ndi njanji yochokera ku Blantyre kupita ku Salima. Kwa zaka zambiri derali linali pansi pa boma la Machinga, limene kale linkatchedwa Kasupe, kufikira m'chaka cha 1998 pamene Balaka linakhala boma paokha. Ufumu wake ndi wa Ayao, koma m'midzi yake mwadzaza Angoni otsika kuchokera ku Ntcheu, Amang'anja ndi Alomwe, Asilamu ndi Akhristu. Woweruza wa kumeneko sanayambe wakhalapo ndi mwayi woweruza anthu a mwambo umodzi.

M'maiko ena munthu wofuna kukhala woweruza kwawo amaima pachisankho monga amachitira phungu wa Nyumba ya Malamulo. Ku America, chigawo cha Mississippi chinayamba kusankha oweruza ake onse ndi mavoti m'chaka cha 1832, ndipo zigawo zambiri zinatsatira. Kumeneko loya amayenda khomo ndi khomo kupempha mavoti kwa anthu amene mawa adzaima pamaso pake ndi milandu yawo. M'Malaŵi bokosi la mavoti silinaikidwepo pa mpando wa woweruza wa khoti. Koma wonena kuti mpandowo sunalimbiranidwe anganame. Unalimbiranidwa ndithu, kungoti amene ankayenera kukopedwa ndiye ankasintha nyengo ndi nyengo.

Ayao a Chimachinga analowa m'chigwa cha Shire cha m'ma 1860, kuchokera kuvuma, m'dziko limene lero ndi Mozambique. Mbiri ya pakamwa imatchula Nsamala pamodzi ndi Kawinga, Mponda ndi Mkata pakati pa atsogoleri awo. Masiku amenewo kulamulira ndi kuweruza zinali ntchito imodzi. Mwini mudzi ndiye ankathetsa ndewu za m'mudzi mwake, ndipo zikamkanika ankazitula kwa mfumu yaikulu. Wofuna kuweruza anayenera kuyamba walowa dzina la ufumu, ndipo dzinalo silinkachoka kwa bambo kupita kwa mwana ayi, koma kwa malume kupita kwa mphwake, mwana wa mlongo wake.

Pamenepa ndiye panali chisankho choyamba, ngakhale kuti chinalibe mapepala. Mwambo unkaloza mwana wachisamba wa mlongo wamkulu, koma mwambo sunkalonga munthu wokha. Mfumu ikamwalira, akuluakulu a banja ankakhala pansi, ndipo mawu a amayi a mbumba ankalemera kwambiri, pakuti ndi iwo amene ankadziwa mnyamata aliyense kuyambira ali kumsana. Ankadziwa amene amagawa nyama mopanda tsankho, amene amapsa mtima msanga, amene amathamangira mlongo wake mwana akadwala usiku. Wouma manja kapena wandewu ankatha kudumphidwa. Motero mnyamata wofuna mpando sankaitanitsa msonkhano; ankakopa anthu ndi khalidwe lake kwa zaka zambiri, pamaliro, pazinamwali ndi pamilandu ya alongo ake, kumene ankaima ngati nkhoswe.

J. Clyde Mitchell, amene anakhala pakati pa Ayao a kutsidya kwa Shire kuyambira 1946 mpaka 1949 nalemba buku lotchedwa The Yao Village, anaona kuti eni midzi ankapikisana kosalekeza. Ankalimbirana chiwerengero cha anthu, ufulu wochititsa zinamwali, ndi ufulu womanga kumutu nsalu yofiira yotchedwa mlangali. Anaonanso kuti mudzi unkagawika pamene mng'ono, posafuna kukhala pansi pa mkulu wake, ankatenga alongo ake kukamanga kwina. Apa ndi pamene panagona mphamvu ya anthu wamba. Malo analipo ambiri, ndipo mwini mudzi wokondera pamilandu ankadzuka m'mawa wina napeza mabwinja. Anthu ankavota ndi mapazi.

Nkosayenera kukometsa nyengo imeneyo kupyola muyeso. Kapolo analibe mawu pabwalo, mlandu waukulu unkatha kulipidwa ndi munthu, ndipo woganiziridwa ufiti ankamwetsedwa mwavi. Koma pa funso lakuti woweruza ankaopa yani, yankho linali lomveka: ankaopa mbumba imene inamuika ndi anthu amene akanamthawa.

Atsamunda a ku Britain atalengeza ulamuliro wawo m'chaka cha 1891, anathyola mphamvu za mafumu a Chiyao ndi mfuti. M'chaka cha 1895 asilikali a Harry Johnston anagonjetsa Kawinga paphiri la Chikala ndi Jalasi paphiri la Mangochi. Kuyambira pamenepo, pamaso pa boma, woweruza anali Mzungu wa paboma. Lamulo la 1902 linakhazikitsa Khoti Lalikulu, ndipo linalola kuti mwambo wa eni dziko uzitsatidwa pokhapokha ngati sukutsutsana ndi chimene Azunguwo ankachiyesa chilungamo. M'chaka cha 1911 mwavi unaletsedwa. Lamulo la 1912 linaika mafumu ena kukhala othandiza boma pa msonkho, ukhondo ndi bata, koma silinawapatse makhoti. Chikhalirecho milandu ya maukwati ndi ya mbuzi zodya mmera sinaleke kukambidwa pansi pa mitengo, pakuti palibe akanayenda ulendo wa masiku awiri kukafotokozera mlendo kudzera mwa womasulira chifukwa chimene mkamwini wathawira pakhomo.

Kusintha kwakukulu kunadza m'chaka cha 1933, Bwanamkubwa ali Sir Hubert Young. Potengera zimene zinkachitika ku Tanganyika, boma linakhazikitsa malamulo awiri, lina lopatsa mafumu ulamuliro ndi lina lowapatsa makhoti. Bwalo la mfumu linasanduka khoti lokhala ndi chikalata cha boma, buku lolembamo milandu, kalaliki, amesenjala ndi malisiti a chindapusa. Milandu ikuluikulu monga yakupha inatsala m'manja mwa Azungu. DC ankatha kuwerenga buku lija, kusintha chigamulo, ndi kumva apilo.

Poyang'ana msanga, mafumu anapindula. Koma wofuna mpando tsopano anali ndi makomo awiri ogogoda. Mbumba inkamtchula, koma popanda chivomerezo cha boma sakanagwira buku la milandu. Opikisana anaphunzira kulemba makalata, kufotokoza mzera wa makolo awo m'njira yokomera iwo, ndi kunong'oneza DC kuti mnzawo ndi waulesi pa msonkho. Panabadwanso maudindo atsopano amene munthu wopanda magazi a ufumu akanawafuna: ukalaliki wa khoti ndi uphungu wokhala pambali pa mfumu. Mnyamata wophunzira pasukulu ya mishoni, wodziwa kulemba samani, nthawi zina ankakhala ndi mphamvu zobisika kuposa mfumu imene sinkatha kuwerenga zimene iye walemba.

Mtengo wa makomo awiriwa unaoneka itatha njala ya 1949. Boma la Bwanamkubwa Geoffrey Colby linalimbitsa malamulo a malimidwe: mizere yopingasa, milambala, kuzula mapesi a thonje panthawi yake. Wolephera ankatengeredwa kukhoti, ndipo kawirikawiri linali khoti la mfumu yake yomwe. Mayi wamasiye amene mizere yake inapezeka yokhota ankalipitsidwa ndi munthu amene anadya naye nsima ya pamaliro a mwamuna wake. Mfumu yokana kuchita zimenezi inkadziwa chimene chikudza. Ku Ntcheu, dera loyandikana ndi Balaka, Inkosi Gomani Yachiwiri inachotsedwa pampando m'chaka cha 1953 chifukwa chokana chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland ndi kuuza anthu ake kuti asamvere malamulo a malimidwe. Mafumu ena onse anamva uthengawo. Anthu nawonso anaona kuti woweruza wawo sakuopanso mabwinja, akuopa kalata yochokera ku Zomba.

Nchifukwa chake chipani cha Malawi Congress chitapambana chisankho cha Ogasiti 1961, makhoti a mafumu anali pakati pa zinthu zoyamba kukhudzidwa. Ntchitoyi inagwera Orton Chirwa, loya woyamba wachikuda m'dziko muno, amene anapatsidwa udindo mu Unduna wa Zachilungamo. Lamulo la makhoti a m'madera la 1962 linalekanitsa kulamulira ndi kuweruza. Mfumu inatsala ndi ufumu wake, koma mpando wa khoti unapita kwa wapampando woikidwa ndi boma, wothandizidwa ndi aphungu odziwa mwambo.

Kwa nthawi yoyamba munthu wamba wa kwa Nsamala, wosabadwira kubanja la ufumu, akanalota zokhala woweruza kwawo. Omvera ayerekeze za mphunzitsi wopuma ntchito, kapena kalaliki wobwerera kuchokera ku Salisbury ndi sutikesi ndi jekete, amene wamva kuti pakufunika wapampando wa khoti. Sakanapita kwa amayi a mbumba, pakuti iwo analibenso mawu pa nkhaniyi. Sakanadaliranso DC, amene nyenyezi yake inali kulowa. Khomo logogoda linali la atsogoleri a chipani, a panthambi ndi a paboma, ndipo funso loyamba silinali lakuti amadziwa mwambo wa chikamwini kapena ayi, koma lakuti anali mbali iti m'chaka cha 1959 pamene anthu ankamangidwa. Ambiri mwa amene anaikidwa anali anthu okhulupirika ku chipani. Ena anagwira ntchito yotamandika. Ena anangosintha mtundu wa kukondera. Cholinga cha Chirwa, chakuti wogwira ndodo asakhalenso wogamula, chinali chanzeru. Chimene lamulo lake silinatseke ndi khomo lolowera andale.

Pano mpoyenera kuima pang'ono ndi kufunsa ubwino ndi kuipa kwa woweruza wa pamudzi, pakuti nkhaniyi sinasinthe kuyambira nthawi ya mlangali. Mwana wa pamudzi sanamizidwa za malire. Amadziwa kuti munda wa uje umalekezera pachulu, kuti mlambe uja unali pakati pa minda iwiri agogo asanamwalire, kuti mboni iyi ndi mlamu wa wodandaula. Amamva chimene mayi akutanthauza akanena mozungulira zinthu zimene sanganene poyera pamaso pa apongozi. Ndipo popeza mawa adzakumana ndi mbali zonse ziwiri pachitsime ndi pamaliro, amafunafuna chigamulo chimene chingalole anthuwo kupatsanabe moto. Koma akuluakulu amene anati mlandu suwola ndi omwewo amene anati chibale ndi fupa sichiwola. Tsiku limafika pamene woyankha mlandu ndi mphwake, kapena ndi munthu amene anamthandiza kupeza mpandowo. Khoswe akakhala pamkhate sapheka. Mlendo alibe vuto limenelo, koma mlendo sadziwa chulu chija.

Chirwa sanakhalitse kuti aone zipatso za ntchito yake. Pa mkangano wa nduna wa Sepitembala 1964 anachotsedwa, nathawira kunja. Mu Febuluwale 1965 anthu a Henry Chipembere, atalanda Fort Johnston usiku, anaimitsidwa pa Liwonde chifukwa anapeza pantoni ili tsidya lina la Shire. Zitatha izi, m'maboma a kuno aliyense wokhala paudindo ankayang'anitsitsidwa. Lamulo la mafumu la 1967 linati munthu avomerezedwe kukhala mfumu ngati mwambo ukumuyenereza ndipo anthu ambiri a m'deralo akumufuna, koma woona ngati zimenezi zakwanira, ndiponso wochotsa mfumu, anali Pulezidenti.

Kenaka kunadza kuphedwa kwa anthu usiku ku Chilobwe ndi madera ena a Blantyre, kuyambira m'chaka cha 1968. Oganiziridwa ena atamasulidwa ku Khoti Lalikulu chifukwa umboni unali wosakwanira, Dr. Kamuzu Banda anakwiya, nanena kuti malamulo a Chingerezi akupulumutsa zigawenga. Kumapeto kwa 1969 Nyumba ya Malamulo inasintha lamulo lija la 1962. Makhoti a m'madera anatchedwa makhoti a miyambo, ndipo pamwamba pake panaikidwa makhoti atatu a zigawo ndi khoti limodzi la apilo la dziko lonse, okhala ndi mphamvu yoweruza milandu yakupha ndi kugamula kuti munthu anyongedwe. Oweruza achizungu a Khoti Lalikulu anatula pansi maudindo awo. Mafumu anabwerera pampando, ndipo m'makhoti akuluakuluwa ndiwo anali ochuluka. Koma sanabwerere monga analili kale. Ankaikidwa ndi kuchotsedwa ndi Nduna ya Zachilungamo, udindo umene Dr. Banda anausunga yekha, ndipo woimbidwa mlandu sankaloledwa kukhala ndi loya.

Makhoti amenewa ndiwo anaweruza Albert Muwalo, amene ananyongedwa m'chaka cha 1977, ndi Gwanda Chakuamba, amene analamulidwa kukhala m'ndende zaka 22. Ndipo mu Meyi 1983 khoti la miyambo la chigawo cha kumwera linagamula kuti Orton Chirwa ndi mkazi wake Vera aphedwe pa mlandu woukira boma. Chilangocho chinasinthidwa m'chaka cha 1984 kukhala ndende ya moyo wonse. Orton Chirwa anafera m'ndende ya Zomba mu Okutobala 1992. Loya amene anachotsa mafumu pampando wa khoti anaimirira pamaso pa mafumu wopanda loya, m'nyumba yomangidwa pa maziko a lamulo lake lomwe.

Mbiri yoopsayi yaphimba chinthu china chimene anthu a m'midzi amachikumbukira. Makhoti a miyambo ang'onoang'ono sankanyonga munthu. Ankamva milandu ya kutha kwa maukwati, ya mimba zokanidwa, ya ngongole, ya ziweto ndi ya kutukwanizana pamowa, m'chiyankhulo cha eni ake, pamtunda woyenda pansi kapena panjinga, pamtengo wa mashilingi ochepa, ndipo kuyambira 1971 wa matambala. Wapampando wake anali wantchito wa boma wolandira malipiro pamwezi, woopa Unduna ndi chipani, komabe kwa mayi wosiyidwa ndi ana anayi, samani ya khoti limenelo ndiyo inali chida chokha chogwirira mwamuna wothawa.

Nthawi yomweyo, kutsidya kwa malire, kumene makolo a Ayao anachokera, anthu ankayesa njira ina. Mozambique italandira ufulu m'chaka cha 1975, chipani cha Frelimo chinachotsa mafumu ponena kuti anali zida za Apwitikizi. Lamulo la 1978 linakhazikitsa makhoti a anthu, ndipo m'makhoti a pansi oweruza sanali ophunzira malamulo, koma alimi ndi antchito osankhidwa pakati pa anzawo, amayi ali momwemo. Ku Niassa ndi ku Tete, kumene Chinyanja ndi Chiyao zimayankhulidwa monga kuno, munthu ankatha kuimirira pamsonkhano wa kwawo, anansi ake nanena poyera ngati ali woyenera kuweruza. Chipani chinali chimodzi, ndipo dzina losakomera chipanicho silinkapita patali. Nkhondo ya pachiweniweni inagwetsa ambiri mwa makhotiwo, nithamangitsira m'Malaŵi anthu okwana pafupifupi miliyoni imodzi. M'chaka cha 1992 otsalawo anasandutsidwa makhoti a m'midzi, ndipo m'chaka cha 2000 boma lomwelo linavomerezanso mafumu amene linawakana.

M'Malaŵi, anthu atasankha zipani zambiri pa riferendamu ya Juni 1993, makhoti a miyambo a zigawo anaimitsidwa chaka chomwecho. Malamulo oyendetsera dziko a 1994 anaika makhoti onse pansi pa nthambi imodzi yoima payokha, ndipo anati majisitireti aziikidwa ndi mkulu wa oweruza onse atalangizidwa ndi bungwe loona za ntchito ya oweruza. Makhoti a miyambo ang'onoang'ono analowetsedwa m'makhoti a majisitireti, ndipo ena mwa apampando ake anasanduka majisitireti osaphunzira uloya. Khomo logogoda linasinthanso: tsopano linali kalata yofunsira ntchito, satifiketi ya sukulu ndi mayeso a pakamwa. Wopambana ankatumizidwa kulikonse kumene kuli malo. Mwana wa kwa Nsamala akanatha kukaweruza ku Rumphi, pamene milandu ya kwawo ikumvedwa pa Balaka ndi mwana wa ku Mulanje.

Gawo 110 la malamulo omwewo linasiya mpata wakuti Nyumba ya Malamulo ikhazikitse makhoti a m'madera oyendetsedwa ndi mafumu kapena anthu wamba, oweruza milandu ya mwambo ndi timilandu ting'onoting'ono. Lamulo lotero linavomerezedwa m'chaka cha 2011, Pulezidenti ali Bingu wa Mutharika, koma ambiri analiopa pokumbukira za Muwalo ndi Chirwa, ndipo kwa zaka zambiri linangokhala papepala. Mpata umene unatsala unadzazidwa ndi amene anaudzaza m'chaka cha 1912: anyakwawa, magulupu ndi mfumu yaikulu, pansi pa mtengo, ndi chabwalo cha nkhuku kapena ndalama. Nchifukwa chake ufumu ukulimbiranidwabe kolimba, ndipo mikangano ya ufumu m'maboma ambiri imakathera ku Khoti Lalikulu, kumene woweruza wovala mkanjo amafunsa mboni kuti pakati pa alongo awiri amene anamwalira kalekale wamkulu anali yani.

Voti inafika pafupi ndi bwalo kudzera pa nkhani ya malo. Lamulo la malo a makolo la 2016 linati m'dera la gulupu aliyense mukhale komiti yoyang'anira malo, gulupuyo ali wapampando, pamodzi ndi anthu asanu ndi mmodzi osankhidwa ndi eni mudzi, ndipo atatu mwa iwo akhale amayi. Linakhazikitsanso bwalo lomva mikangano ya malo m'dera la mfumu yaikulu, mfumuyo ili pampando. Koma mamembala a bwalo limeneli sasankhidwa ndi mavoti, amatchulidwa ndi mfumu navomerezedwa ndi boma. Motero mayi wa m'mbali mwa Rivirivi angathe kuimirira pamsonkhano wa mudzi, kupempha anansi ake kuti amsankhe, nalowa m'komiti yoona malire a minda. Mkangano ukakula nkupita kubwalo la mfumu, iye amakakhala pamphasa pamodzi ndi mboni.